Mdima wa ku Lupande ndi Nyenyezi Zimene Alendo Analemba

Ife amene tinakulira mu Lusaka kapena ku Chipata timadziwa thambo la usiku ngati denga lofiirira la nyenyezi zowerengeka. Malaiti ndi fumbi zinatibisira zotsalazo. Koma munthu akatsika ndi msewu wa ku Mfuwe n'kulowa m'chigwa cha Luangwa, ku Lupande m'boma la Mambwe, amapeza Mlalang'amba utayala ngati utsi wa lupsa. Thambo limeneli lili ndi mbiri, ndipo yambiri inalembedwa ndi anthu apaulendo.

Nyenyezi zina za kummwera sizioneka ku Ulaya, choncho ofuna kuziphunzira ankakwera chombo. Mu 1751 Mfalansa wina, Nicolas-Louis de Lacaille, anafika ku Cape Town ndi telesikopu yaing'ono, galasi lake losaposa chala chachikulu m'mimba mwake. Analemba nyenyezi pafupifupi 10,000 ndi zinthu 42 zooneka ngati timitambo. Zina mwa izo ndi mitambo ya mpweya ndi fumbi mmene nyenyezi zimabadwira, zina ndi magulu a nyenyezi zothithikana. Kuyambira 1834 mpaka 1838 John Herschel anabwerezanso ntchitoyi ku Cape komweko. Kagulu kena ka nyenyezi zamitundumitundu pafupi ndi mtanda wa Southern Cross anakayerekeza ndi zokongoletsera zamtengo wapatali, ndipo mpaka lero kamatchedwa Jewel Box.

Apaulendo ena anadutsa m'chigwa chathu chomwechi. Mu 1798 Francisco de Lacerda, katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ananyamuka ku Tete n'kuwoloka Luangwa kupita kwa Mwata Kazembe. Panjira ankayang'ana miyezi ya Jupiter kuti adziwe pamene ali pa mapu. Anamwalira chaka chomwecho m'dziko la Kazembe. David Livingstone nayenso anawoloka Luangwa mu Disembala 1866, akuyeza malo ndi dzuwa ndi nyenyezi. Kwa iwo thambo linali chida cholembera mapu, ndipo mapu otere ndiwo anatsegulira njira atsamunda.

Nanga eni dziko? Iwo anali kuyang'ana kumwamba kale alendo asanabwere. Gulu la nyenyezi limene Azungu amati Pleiades, m'Chinyanja ndi Nsangwe. Azulu amati isiLimela, Aswahili amati Kilimia, mayina onse awiri ochokera ku mawu akuti kulima, chifukwa gululi linkauza alimi nyengo. Kuno limayamba kuoneka kum'mawa madzulo cha mu Novembala, mvula ikuyandikira. Nyenyezi za Orion makolo anazitcha Akamwiniatsatana. Mayina awa anapulumuka chifukwa analowa m'mabuku, monga m'buku la Yobu mu Buku Lopatulika. Amene sanalembedwe ali m'mitu ya nkhalamba za Chikunda kwa Mambo Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, ndipo nkhalamba ikapita imapita nawo.

Apa ndiye pali ntchito yathu. Mabainokyula wamba, okhala ndi magalasi a mamilimita 50, amatola kuwala kochuluka kuposa telesikopu ya Lacaille. Kuyambira Epulo mpaka Juni, mwezi ukakhala kulibe, tiyang'ane kummwera madzulo. Pambali pa Southern Cross pali chigamba chakuda bii, Coalsack, fumbi lotchinga nyenyezi za kumbuyo kwake. Chakumadzulo kwa mtandawo kuli mtambo wa Carina. M'kati mwake muli Eta Carinae, imene mu 1843 inawala mpaka kuposedwa ndi Sirius yokha, kenako n'kuzilala. Chapamwamba pali Omega Centauri, yooneka ngati kampira ka thonje, koma ndi nyenyezi mamiliyoni, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 17,000 kuti kutifike. Chakumapeto kwa chaka kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, Magellanic Clouds. Mu kakakulu mwa ito munaphulika nyenyezi mu Febuluwale 1987, ndipo anthu anaiona ndi maso okha.

Tikachedwa mpaka Ogasiti kapena Seputembala, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonse. Komanso ku Lupande munthu sayenda yekha mumdima, njovu ndi mvuu zili pantchito. Tikhale pabwalo la mudzi, foni m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere.

Alendo obwera kudzaona nyama amalipira ndalama zambiri kuti agone pansi pa thambo ili. Ife tikapita kumudzi ku tchuthi kapena ku mwambo wa Malaila, tiloze nyenyezi, tifunse agogo kuti, "Ambuya, iyo mumaitcha chiyani?" Yankho lawo tililembe, ndi tsiku ndi dzina la mudzi, monga mmene Lacaille ankachitira ndi zake.