Boma la anthu atatu la 1993

Kuno ku Dedza ndani sadziwa a John Tembo? Koma ndikafunsa za miyezi iwiri imene analamulira nawo dziko, anzanga amangoti kukamwa yasa.

Mu Okutobala 1993 Kamuzu anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg. Dziko linatsala m'manja mwa anthu atatu, mmodzi chigawo chilichonse: a Tembo, a Robson Chirwa, ndi wapampando a Gwanda Chakuamba, amene anali atangotuluka kumene m'ndende ya Kamuzu yemweyo.

Disembala atangoyamba, a Payoniya anapha asilikali ku Mzuzu. Asilikali anzawo sanadikire chilolezo cha atatuwa ayi. Anayamba Operation Bwezani, kuphwanya misasa ya MYP, a Payoniya ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Ine ndimati chipani chinaguluka mano sabata imeneyo, chisankho cha 1994 chisanafike n'komwe. Patangopita masiku ochepa kunalengezedwa kuti Kamuzu wachira, boma la atatu lija n'kuthera pomwepo.