Lamya, Mfuti ndi Malire a Dziko la Undi

Pa phunziro la mapu m'sukulu za kumalire, monga za ku Vubwi, za kumwera kwa Katete ndi za kufupi ndi Nyanje m'boma la Sinda, kawiri-kawiri pamauka funso lobvuta. Mwana amafunsa kuti: Nanga bwanji amalume a tsidya lija la dambo achedwa a ku Mozambique, pamene cinenero ndi cimodzi, gule ndi mmodzi, ndi mfumu yaikulu ndi imodzi? Mphunzitsi akangoyankha kuti Azungu ndiwo anagawa dziko, wanena zoona, koma mlandu sanaumalize. Mwana wocenjera adzafunsanso kuti anthu owerengeka okhala kutali anakhoza bwanji kugawa dziko limene ambiri a iwo sanalipondepo. Yankho lace lipezeka m'mbiri ya zipangizo zitatu zimene zinali zatsopano masiku amenewo, ndizo lamya, sitima ya pamadzi yoyendera moto, ndi mfuti ya ciwaya.

M'caka ca 1844 Samuel Morse wa ku Amerika anatumiza mau pa waya kucokera ku Washington kufika ku Baltimore, ndipo posacedwa maiko a ku Ulaya anadzala ndi mawaya. Koma waya wothera pamalire phindu lace ndi locepa. Poyamba uthenga ukafika kumalire unali kulembedwa papepala, kuperekedwa pamanja kwa kalaliki wa dziko lina, ndi kutumizidwanso. Motero pa 17 May 1865 maiko 20 anasonkhana ku Paris napangana malamulo ndi malipiro ofanana. Bungwe limene anayambitsa lilipo kufikira lero ku Geneva, ndipo dzina lace ndi International Telecommunication Union. Mu 1879 waya woyalidwa pansi pa nyanja yamcere kucokera ku Aden unafika ku Zanzibar, ku cisumbu ca Mozambique, ku Lourenço Marques ndi ku Durban. Kuyambira pamenepo mbiri ya kugombe la kum'mawa kwa Afrika, imene kale inali kukhala milungu panjira, inali kufika ku London ndi ku Lisbon m'tsiku limodzi kapena awiri.

Mphamvu ya waya umenewu inaoneka mu 1889. Mwezi wa November kazembe wa Apwitikizi, Serpa Pinto, anamenyana ndi Amakololo a m'cigwa ca Shire, amene Angerezi anali kunena kuti ali m'manja mwao. Mbiriyo itafika kugombe inakwera pa waya, ndipo pa 11 January 1890 nduna yaikulu ya ku Mangalande, Lord Salisbury, inalamula boma la ku Lisbon kuti licotse asilikali ace msanga. Apwitikizi anabvomera mwacisoni, popeza analibe zombo zankhondo zolingana ndi za Angerezi. Caka comweco sitima ziwiri zonyamula mfuti, Herald ndi Mosquito, zinalowa m'Zambezi.

Pangano lothetsa mkanganowo linalembedwa pa 11 June 1891. Linanena kuti malire acoke pa mtunda wogawa madzi a Zambezi ndi a Nyanja ya Nyasa, pa mzera wa 14 kumwera kwa Ikweta, alunjike kumadzulo cakumwera kufikira pamene mzera wa 15 ukomana ndi mtsinje wa Luangwa. Mzera umenewo ndiwo upita kumwera kwa Vubwi, Chadiza, Katete, Sinda ndi Petauke. Likulu la Undi ku Mano linatsala mbali ya Apwitikizi, ndi anthu ace ambiri anagwera mbali ya Angerezi. M'pangano lomwelo maiko awiriwo analonjezana kuti sitima ziyende mwaufulu pa Zambezi ndi pa Shire, ndi kuti athandizane kulumikiza mawaya ao a lamya. Njira ya sitima ndi ya waya anaikumbukira, koma njira ya mkamwini wopita kumudzi kwa mkazi wace, kapena ya mafumu opita ndi mitulo kwa Gawa, palibe anaifunsa.

Mzera wa papepala sukadakhala ndi mphamvu popanda mfuti. Mu 1884 Hiram Maxim anapanga ku London mfuti yodzilonga yokha, yotulutsa zipolopolo pafupi-fupi 600 pa mphindi imodzi, imene pambuyo pace anthu anaicha ciwaya. Mfuti imene mafumu a kuno anali kugula kwa Acikunda ndi kwa amalonda a ku Tete inali gogodera, yolongedwa wonga kukamwa, yoomba kamodzi ndi kudikira. Pa 2 July 1890 maiko amphamvu anasaina pangano ku Brussels. Colinga cace cacikulu cinali kuletsa malonda a akapolo, ndipo pa ici linathandizadi. Koma linaletsanso kugulitsa mfuti zamakono kwa eni dziko m'cigawo conse ca pakati pa Afrika, kucokera pa mzera wa 20 kumpoto kufikira mzera wa 22 kumwera. Maiko amene anali kulimbirana malo anagwirizana pa cinthu cimodzi, kuti cida catsopano cikhale m'manja mwa iwo okha.

Zotsatira zace zinaoneka kwa Mpezeni. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, ananena kuti mfumuyo inampatsa dziko, ndipo pa mau amenewo kampani ya North Charterland inapangidwa mu 1895, poyembekeza kupeza golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, pamodzi ndi anyamata a m'magulu ankhondo anakana. Mu January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika ndi ziwaya ndi mizinga, ndipo nkhondo inatha m'masiku owerengeka. Angoni amene anaopsa dziko lonseli ndi nthungo ndi cishango sanathe kufika pafupi ndi adani ao. Nsingo anaomberedwa mu February, Mpezeni anatengedwa kupita ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndi ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Acewa ambiri amene anali kubisala m'mapiri ndi m'malinga anatsikira kucigwa napuma, koma posacedwa anakomana ndi msonkho wa nyumba ndi malo olandidwa ndi kampani.

Nthawi yomweyo waya unali kukwera kumtunda. Kumapeto kwa 1892 Cecil Rhodes anayambitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph, akufuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo. Mizati inali yacitsulo cifukwa ca ciswe, ndipo yonse inayenda pamitu ndi pamapewa a amtengatenga. Waya woyamba wocokera ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, unaonongedwa pa nkhondo ya Amashona mu 1896, motero anaumanganso kucokera ku Umtali, ndipo unalumikizidwa ku Tete mu 1898. Kucokera ku Tete unapita ku Chikwawa, Blantyre, Fort Johnston, Kota Kota ndi Karonga, nukwera ku Abercorn, kumene tsopano kuchedwa Mbala. Nthambi yace inacoka kunyanja pa Domira Bay nifika ku Fort Jameson, ndiye Chipata, kumene Robert Codrington anakhazikitsa likulu la North-Eastern Rhodesia mu 1899.

Ngakhale Rhodes, mwini cuma cambiri, anaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga. Ku Tete waya wace unadzera m'dziko la Apwitikizi. Kumpoto kwa Abercorn njira inatsekedwa ndi dziko la Ajeremani. Mu 1894 Angerezi anayesa kubwereka kwa Mfumu Leopold ya ku Belgium kamkwamba ka dziko la Congo kotambalala makilomita 25, koma Ajeremani anakwiya, ndipo panganolo linafafanizidwa. Potsiriza, mu March 1899, Rhodes anapita yekha ku Berlin kukapempha kwa Kaiser Wilhelm II, nalandira cilolezo. Waya unafika ku Ujiji pa Nyanja ya Tanganyika, ndipo unathera pomwepo. Rhodes anamwalira mu March 1902, ndipo miyezi itatu m'mbuyomo Guglielmo Marconi anali ataolotsa cizindikiro pa nyanja ya Atlantic popanda waya uli wonse. Cakudza siciimba ng'oma: nchito imene inalemetsa mapewa a anthu zikwi-zikwi inapitiriridwa ndi wailesi isanafike kumapeto kwa ulendo wace.

Zambia atalandira ufulu mu 1964 anapeza kuti njanji, magetsi ndi mawaya ambiri zinali kuloza kumwera. Ian Smith atalengeza ufulu wosabvomerezeka ku Rhodesia pa 11 November 1965, ici cinakhala coopsa. Cifukwa cace kutsegulidwa kwa siteshoni ya Mwembeshi kumadzulo kwa Lusaka mu 1974, yolankhula ndi maiko akutali kudzera pa setilaiti, kunali nkhani ya ufulu wa dziko. Koma kudalirana sikunathe. Mu 2009 ndi mu 2010 zingwe zatsopano za pansi pa nyanja, SEACOM ndi EASSy, zinafika ku Maputo ndi ku Dar es Salaam, pa gombe lomwe lija la waya wa 1879. Dziko lopanda gombe silingazifikire popanda kupangana ndi anansi ace. Cosiyana ndi kale ndi ici: ku Berlin mu 1884 ndi ku Brussels mu 1890 kunalibe mfumu ya kuno ndi imodzi yomwe, koma lero Zambia, Malawi ndi Mozambique ali ndi mipando yao ku bungwe lija la ku Geneva, kumene agawa mafunde a wailesi ndi a mafoni.

Mphunzitsi wa kumudzi angaphunzitse zimenezi ndi zinthu zimene ali nazo pafupi. Ajambule pabwalo mapu a dziko la Undi, athire phulusa kucokera pa mzera wa 14 kufikira ku Luangwa, ndipo aimike ana mbali ziwiri monga mwa midzi ya makolo ao. Awafunse cifukwa cace foni ya m'manja pa Chanida kapena ku Vubwi nthawi zina imagwira mafunde a dziko la tsidya lina, ndi amene anapangana za malipiro ace. Awakumbutsenso kuti mwambo wa Kulamba, umene unaletsedwa mu 1934, unaukanso ku Mkaika mu 1984, ndi kuti mu 2007 apulezidenti a maiko atatuwa anakhala pamodzi pabwalo la Kalonga Gawa Undi. Pa cipangizo ciri conse catsopano ana azolowere kufunsa mafunso atatu: Mwini wace ndani? Cidzera m'dziko la yani? Ndani anaitanidwa pokapangana malamulo ace? Mwana wofunsa za amalume ace uja wayamba kale kufunsa bwino, ndipo mphunzitsi asamkhalitse cete.