Lamulo la pa kompyuta

Kwa ogwiritsa ntchito kompyuta, lamulo ndi mawu amene munthu amalemba pa terminal, akadina Enter makina n'kuchita zomwezo. Ambiri amaganiza kuti pulogalamu ya mawindo ndi mabatani imamvera mausi basi, koma nayonso imamva lamulo. Mukalemba code --goto nkhani.txt:42, VS Code ya Microsoft imatsegula failoyo n'kukufikitsani pa mzere 42 penipeni. Mukawonjezera --wait, terminal imadikira mpaka mutatseka failo. Kachidutswa kameneka n'kosaoneka bwino, koma ogwiritsa ntchito VS Code pamodzi ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'mafailo, sangakanyalanyaze. Popanda iko, Git ikatsegula VS Code kuti mulembemo uthenga wa commit wofotokoza zomwe mwasintha, imayesa kuti mwamaliza musanalembe n'komwe, ndiye ikapeza uthengawo uli wopanda kanthu imangoimitsa ntchitoyo.