Cidindo ca Pulogalamu: Mmene Oyang'anira Netiweki Amadziwira Zodutsa

Uthenga uliwonse woyenda pa intaneti umadulidwa m'tizidutswa tochedwa mapaketi. Woyang'anira netiweki ya banki, cipatala kapena sukulu amafunika kudziwa pulogalamu imene yatumiza mapaketiwo, kuti nchito yofunika isacedwe cifukwa ca anthu oonera mafilimu.

Kale cinali cokwanira kuona nambala ya khomo, lochedwa port. Masamba a intaneti amadzera pa 80, makalata a imelo pa 25, ndipo masamba otetezedwa pa 443. Lero mapulogalamu ambirimbiri amadzera pa 443 pomwepo, uthenga wake uli wobisidwa, motero nambalayo siinenanso zambiri.

Ndiye cifukwa cake mapulogalamu oyang'anira netiweki amagwiritsa nchito cidindo, ndiko kuti cizindikiro cosasinthasintha cimene pulogalamu imaonetsa poyamba kulankhula. Mwacitsanzo, BitTorrent imayamba ndi mau akuti "BitTorrent protocol", pamene SSH imayamba ndi zilembo "SSH-". Pa uthenga wobisidwa, amaona dzina la seva limene kompyuta imapempha poyamba, kapena mndandanda wa njira zobisira uthenga zimene imapereka. Njira ya JA3, imene akatswiri a kampani ya Salesforce anatulutsa mu 2017, imapanga cidindo kucokera pa mndandandawo.

Zida monga NBAR ya Cisco ndi nDPI ya ntop zimabwera ndi zidindo za mapulogalamu odziwika. Koma pulogalamu yolembedwera bungwe limodzi, monga ya malipiro a anchito, siipezekamo, ndipo imaoneka ngati yosadziwika. Apa woyang'anira amalemba cidindo cake yekha. Amajambula mapaketi ndi cida monga Wireshark, nafufuza cimene cimabwerezeka nthawi zonse, kaya dzina la seva, adiresi kapena zilembo zoyambirira, kenaka amacipatsa dzina ndi kuciyesa.

Cidindo cotakata kwambiri cimagwira ndi mapulogalamu ena, ndipo lamulo loletsa limodzi lingatseke nchito yosalakwa. Cidindo cimakalambanso: mu 2023 Google Chrome inayamba kusakaniza dongosolo la zina mwa zimene imatumiza poyamba, zidindo za JA3 n'kuleka kudalirika pa pulogalamuyo. Caka comweco kunatuluka njira ya JA4, imene imasanja zinthuzo isanapange cidindo.

Pa uthenga wobisidwa, cidindo cimaulula mtundu wa pulogalamu ndi kumene ikupita, koma osati mau amene munthu walemba.