Eudaimonia: mawu akale amene alowa m'kafukufuku wa amalonda

Eudaimonia ndi mawu a Chigiriki: "eu" amatanthauza chabwino ndipo "daimon" ndi mzimu. Aristotle, wafilosofi wakale wa ku Greece, ankawatchula ponena za munthu amene akugwiritsa ntchito luso lake mokwanira ndiponso ali ndi khalidwe labwino, kaya tsikulo wasangalala kaya ayi.

Mu 1989, Carol Ryff wa pa yunivesite ya Wisconsin-Madison anakonza njira yoyezera moyo woterewu potengera mfundo 6, monga kudziimira pawekha, kukhala ndi cholinga pa moyo, kupita patsogolo m'maganizo ndi kukhala bwino ndi anzako.

Ofufuza za anthu oyambitsa bizinesi anachedwa kuwatola mawuwa. Kwa zaka zambiri ankangofunsa ngati wamalonda akukhutira ndi ntchito yake. Mu 2008, Matthias Benz ndi Bruno Frey anapeza kuti ku Germany, Britain ndi Switzerland anthu odzilemba okha ntchito amakhutira kuposa olembedwa, makamaka chifukwa chodzilamulira. Koma kukhutira sikufotokoza zonse. Mwini shopu angathe kusowa tulo chifukwa cha ngongole, n'kumaonabe kuti ntchito yake ili ndi phindu pa moyo wake. Mbali imeneyi ndi imene eudaimonia amailoza, ndipo ndi yoyenera kuifufuza mozama.

Wofufuza wina, Ute Stephan, ataunika kafukufuku 144 mu 2018, anapempha anzake kuti aziyezanso mbaliyi. Chaka chotsatira Ryff analemba za nkhaniyi mu Journal of Business Venturing. Kafukufuku akusonyezanso kuti amene anayamba geni chifukwa chosowa ntchito sapeza ubwinowu mofanana ndi amene anachita kusankha okha.