Foni Yobwereka ndi Cholembera cha Mtolankhani

M'mwezi wa Juni 2007, kutatsala masiku owerengeka kuti iPhone yoyamba ifike m'masitolo a ku America, kampani ya Apple idasankha amuna anayi okha pakati pa khamu lonse la atolankhani a dzikolo, niwabwereka foniyo kuti akakhale nayo kwawo ndi kuiyesa munthu wamba asanaikhudze. Ndiwo Walt Mossberg wa Wall Street Journal, David Pogue wa New York Times, Steven Levy wa Newsweek ndi Edward Baig wa USA Today. Adali amuna omveka pa ntchito yawo, oti munthu sangawaganizire chiphuphu, ndipo poitamanda foniyo sadaleke kudandaula kuti intaneti yake pa netiweki ya AT&T idali yochedwa. Komabe aliyense wopenya bwino adaona chinthu chimene sichichitika pabwalo la mfumu yolungama, ndicho chakuti mwini mlandu ndiye adadzisankhira nduna zomuweruza, naziuzanso tsiku loti zinene chigamulo.

Mwambo umenewu sudayambe ndi Apple, pakuti opanga galimoto ndi makompyuta adali nawo kale, koma m'zaka za mafoni amakono udakhwima kufikira kukhala lamulo losalembedwa la ntchito yonse. Kampani ikapanga foni yatsopano imaitana atolankhani amene yawakonda kumsonkhano woionetsera, niwabwereka foni imodzi imodzi kwa sabata limodzi kapena awiri, atayamba alonjeza kuti sadzasindikiza liwu ngakhale limodzi lisanakwane tsiku ndi ola limene iyo yaika. Ola likakwana nkhani zonse zimatulukira pamodzi. Ndipo popeza owerenga amakhamukira kwa amene wayamba kunena, otsatsa malonda nawonso natsata kumene kwapita owerenga, nyuzipepala imene yamanidwa foni yobwereka imakhala itamanidwa ndalama. Palibe amene amamuuza mtolankhani kuti atamande, ndipo kuuzidwako sikufunika, chifukwa amadziwa yekha kuti dzina lake lingathe kusowa pa mndandanda wa oitanidwa chaka chamawa. Ngakhale atakhala wolimba mtima chotani, sabata limodzi silimkwanira kuona chilema chimene chimaonekera foni itatha miyezi m'thumba la munthu wa ntchito. Motero amalemba za kuwala kwa sikirini, za kukongola kwa zithunzi ndi za kusalala kwa m'mbali, ndipo wowerenga amene adamtuma amakumbukira mochedwa mawu a akale aja akuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mantha amenewa sadali a m'maganizo chabe. M'mwezi wa Meyi 2007 mkonzi wamkulu wa magazini ya PC World, Harry McCracken, adatula pansi udindo pamene mkulu wa kampani yosindikiza adaletsa nkhani yondandalika zinthu khumi zoipa za Apple. Padabuka phokoso, ndipo patangopita masiku owerengeka adabwerera pa mpando wake, nkhaniyonso idasindikizidwa. M'mwezi wa Malichi 2010 mmisiri wina wa Apple adaiwala foni yoyeserera, imene idadzakhala iPhone 4, pamalo omwera mowa ku Redwood City m'chigawo cha California. Atolankhani a Gizmodo adaigula kwa woitola pa mtengo wa madola 5,000, naitsegula, naionetsa dziko lonse nthawi yake isanakwane. Apolisi adathyola chitseko cha nyumba ya mkonzi wawo natenga makompyuta ake, ndipo ku msonkhano wa mu Juni kumene mkulu wa Apple, Steve Jobs, adaonetsera foniyo, a Gizmodo sadaitanidweko. Kugula katundu wotola sikudali kwaulemu, ndipo sindiwaikira kumbuyo; koma anzawo onse pa ntchitoyo adaona chimene chimamgwera munthu wotuluka pamzere.

iPhone 4 idayamba kugulitsidwa pa 24 Juni 2010, ndipo m'masiku atatu oyamba anthu adagula mafoni 1.7 miliyoni. Amisiri ake, pofuna foni yopyapyala, adasandutsa chitsulo chozungulira m'mbali mwake kukhala eriyo, nachidula kuti chigawo china chigwire netiweki ya foni ndi china chigwire Wi-Fi ndi GPS. Koma pakona ya pansi chakumanzere, pamene zigawo ziwirizo zidalekana ndi kampata kakang'ono, ndi pomwe chikhatho chimakhala munthu akagwira foni ndi dzanja lamanzere, ndipo khungu likalumikiza zitsulo ziwirizo mphamvu ya netiweki idali kugwa, kotero kuti m'madera amene netiweki ndi yofooka kale foni idali kuduka munthu mawu ali m'kamwa. Ounika amene adabwerekedwa foniyo adaitamanda, ambiri a iwo osalitchula konse vutoli. Adalipeza ndi ogula wamba, foniyo itangofika m'manja mwawo. Wina wa iwo atamlembera Jobs kudandaula, yankho limene lidafalitsidwa lidali lakuti angopewa kuigwira motero. Ndipo pa 2 Julayi kampani idalemba kalata yonena kuti cholakwa chidali m'kawerengedwe ka timizere toonetsa mphamvu ya netiweki.

Amene adathetsa makani sadali mmodzi wa oitanidwa aja. Consumer Reports, bungwe la ogula limene lidakhazikitsidwa mu 1936, lili ndi mwambo wakewake: limagula ndi ndalama zake katundu amene liyesa, ndipo sililola malonda a munthu kutsatsidwa m'magazini yake. Pa 12 Julayi lidalengeza kuti amisiri ake ayesa ma iPhone 4 atatu m'chipinda chotchinga mafunde a wailesi, napeza kuti chilema chili m'kapangidwe, kuti katepi komata pakampata paja kamachepetsa vutolo, ndi kuti ngakhale foniyo idaposa zinzake pa zina zonse, bungwelo silikadatha kulangiza anthu kuti aigule. Patapita masiku anayi Jobs adaitana atolankhani ku likulu la Apple ku Cupertino. Adavomera kuti Apple si yangwiro, nalonjeza kava yaulere kwa wogula aliyense. Koma adaonetsanso mafoni a BlackBerry, HTC ndi Samsung akutaya netiweki akafumbatidwa, nanena kuti ogula amene adaimba kudandaula sadakwane ngakhale mmodzi pa 100 alionse, ndi kuti nkhani yonse yakuzidwa koposa muyeso. Pa ichi chomalizachi sadaname kwenikweni, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nyuzipepala zambiri zimene dzulo lake zidapikisana potamanda zidapikisananso ponyoza, popeza dzina la Apple likakhala pamutu wa nkhani, kaya yabwino kaya yoipa, owerenga amabwera. Chimene sadachinene n'chakuti mafoni enawo adafunika kufumbatidwa ndi dzanja lonse, pamene yakeyo chala chimodzi pamalo amodzi chidali chokwanira. iPhone 4S ya 2011 idatuluka ndi eriyo yokonzedwa mwina, ndipo mu 2012 mlandu wa ogula udatha ndi madola 15 kapena kava kwa wodandaula aliyense.

M'zaka zimenezi owerenga adagawikana mipingo iwiri, wa Apple ndi wa Android, ndipo mtolankhani wolemba za chilema cha foni adayamba kuweruzidwa poyang'ana mbali imene akumganizira kuti amadyako, zimene wapezazo anthu osaziwerenga n'komwe. Ndiponso si mawu onse omveka ngati a ogula amene adali a ogula: mu Okutobala 2013 bungwe loona za chilungamo pa malonda ku Taiwan lidalipitsa Samsung chindapusa cha madola a dzikolo 10 miliyoni, litapeza kuti anthu adalembedwa ganyu yotamanda mafoni ake pa intaneti ndi kunyoza a makampani ena.

Koma nkhani imene imaonetsa bwino lomwe kufooka kwa ntchitoyi ndi ya iPhone 6 Plus, foni yaikulu ndi yopyapyala ya aluminiyamu imene idatuluka pa 19 Seputembala 2014. Pasanathe sabata anthu adayamba kunena kuti ikupindika m'thumba la thalauza, ndipo Lewis Hilsenteger wa ku Canada, mwini wa Unbox Therapy pa YouTube, adaipinda ndi manja ake pamaso pa kamera, anthu mamiliyoni ambiri naonera. Apple idayankha kuti m'masiku 6 oyamba ogula 9 okha ndiwo adadandaula, niitana atolankhani osankhika kuti akaone makina ake oyesera kulimba kwa mafoni; pamene magazini ya Computer Bild ya ku Germany, imene idapindanso foni yake, mkonzi wake Axel Telzerow adalembera mkulu wa Apple pa nthawiyo, Tim Cook, kalata yapoyera yonena kuti auzidwa kuti sadzalandiranso mafoni oyesa kapena kuitanidwa ku misonkhano. Consumer Reports idayesanso, nipeza kuti 6 Plus imayamba kupindika ikapanikizidwa ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu pafupifupi 41, ndi iPhone 6 pa makilogalamu pafupifupi 32, mofanana ndi HTC One M8. Motero idati mantha apitirira muyeso, ndipo ambiri adaitseka nkhaniyo akuseka anthu ovala mathalauza othina. Ngakhale bungwe loona mtima lija, poyesa foni tsiku limodzi, silidathe kuona chimene miyezi idzaulula.

Pakuti mu 2016 okonza mafoni, amene nkhani zawo zidamveka kudzera ku iFixit, adayamba kulandira ma iPhone 6 Plus ambiri amene sikirini yake idaleka kumva chala, ndipo iwo adati kupindikapindika kwa foni ndiko kudali kumasula kachipangizo kena pa bolodi ya m'kati. Apple idavomera kukonza pa mtengo wa madola 149, niti vutolo limadza foni ikagwetsedwa kangapo pamalo olimba. Koma mlandu suola. Mu Meyi 2018, m'chikalata cha woweruza Lucy Koh wa ku California, zidadziwika kuti mayeso a Apple yomwe adaonetsa kuti iPhone 6 idali yosavuta kupindika maulendo 3.3 kuposa iPhone 5s, ndi 6 Plus maulendo 7.2, ndi kuti nkhawa imeneyi idadziwika m'kampanimo mafoniwo asanatuluke. Phokoso lalikulu lidachitika mu 2014 pamene umboni udali wochepa. Umboni utafika, nkhaniyo idangodutsa masiku owerengeka, atolankhani ali kalikiliki ndi mafoni a chaka chimenecho.

Samsung nayo idamwera chikho chomwecho. Galaxy Note 7 idatuluka pa 19 Ogasiti 2016 ounika ataiika pakati pa mafoni abwino koposa amene adapangidwapo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 2 Seputembala kampani idaitanitsa mafoni 2.5 miliyoni itamva za 35 amene mabatire awo adapsa, nipereka ena m'malo mwake. Pa 5 Okutobala imodzi ya zosinthidwazo idafuka utsi m'ndege ya Southwest ku Louisville isananyamuke, pa 11 Okutobala foniyo idalekeka kupangidwa, ndipo boma la America lidaletsa kukwera nayo ndege. Mu Januwale 2017 kampani idafotokoza kuti mabatire oyamba adali opanikizika pakona, ndipo achiwiri, ochokera ku kampani ina, adali ndi timinga ta chitsulo powotcherera pake timene tidali kuboola chotchinga cha m'kati. Okonda Samsung adadandaula kuti atolankhani a ku America aikhaulitsa chifukwa ndi ya ku Korea. Dandaulo limeneli sindilivomera, pakuti foni yopindika imangomtayitsa munthu ndalama pamene yoyaka imamtentha thupi, ndipo pa 15 Seputembala bungwe la boma la America loteteza ogula lidanena kuti Samsung idali italandira malipoti 26 a anthu opsa. Odandaula moyenera adali a ku China, amene mafoni awo adasiyidwa pa kuitanitsa koyamba kuja pouzidwa kuti mabatire awo ndi abwino.

Tisanamize foni yobwereka kuti sidapulumutsepo munthu. Mu Epulo 2019 Galaxy Fold, foni yopinda ya madola 1,980, idawonongeka m'manja mwa atolankhani a The Verge, Bloomberg ndi CNBC patangopita tsiku limodzi kapena masiku awiri. Adanena poyera, ndipo Samsung idaimitsa malonda kufikira Seputembala. Chilema chikafulumira kuonekera, mwambowu umachigwira. Koma zakuti Apple idali kuchedwetsa dala ma iPhone a mabatire okalamba zidaululidwa mu Disembala 2017 ndi ogula pamodzi ndi John Poole wa Geekbench, ndipo ndi pamenepo kampani idapepesa nitsitsa mtengo wa batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29.

Tsono tsankho lalikulu koposa pa ntchito imeneyi, monga ndionera ine, lili pa kusankha mafoni oyenera kuyang'anidwa. Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, Itel ndi Infinix, imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa kampani ina iliyonse, ndipo ndi mafoni amenewa amene adzaza m'matumba mwathu. Mu Ogasiti 2020 akatswiri a Secure-D adanena kuti mafoni 53,000 a Tecno W2, m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa, adafika kwa ogula ali kale ndi pulogalamu yoipa imene idali kudya bandulo ndi kuyesa kulembetsa eni ake mwachinsinsi ku zinthu zolipira. Kampani idati vutolo lidachokera kwa wina mwa oipatsa zipangizo, ndi kuti idatulutsa chokonzera. BuzzFeed News idalemba, ena owerengeka adatsatira, ndipo nkhani ya anthu osauka oberedwa mayunitsi sidafike ngakhale pang'ono pa phokoso la foni yopindika m'thalauza.

Inu akonzi a nyuzipepala ndi mawailesi athu, a ku Cupertino ndi a ku Seoul sakubwerekani foni, ndipo chifukwa chake mulibe amene mungamuope. Tumani mtolankhani ku Limbe kapena ku Malangalanga akagule ndi ndalama za ofesi foni imene amayi a pamsika amagula, aigwiritse ntchito miyezi 6, afunsenso okonza mafoni a m'misika chimene chimayamba kufa m'kati mwake. Ndipo zimene apeze muzisindikize, ngakhale wogulitsa foniyo akhale yemweyo amene amatsatsa malonda pa tsamba lanu lakumbuyo.