Chisamaliro cha amayi oyembekezera amene ali ndi matenda ena

Chisamaliro cha amayi oyembekezera amene ali ndi matenda ena ndi thandizo la kuchipatala limene amapereka kwa mayi amene anali kale ndi matenda okhalitsa asanatenge pathupi. Ena mwa matendawa ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, khunyu, HIV, sickle cell, mphumu, matenda a impso ndi a chithokomiro. Chisamalirochi chimatsogozedwa ndi dokotala wodziwa za uchembere, mothandizana ndi madokotala a nthenda imene mayiyo ali nayo komanso azamba. Chimasiyana ndi sikelo ya masiku onse imene azamba amayendetsa okha, chifukwa mayi amaonedwa pafupipafupi, amayezedwa zinthu zambiri, ndipo malo ndi nthawi yochilira zimakonzedweratu.

Chifukwa chake chimafunika

Pathupi pamasintha kagwiridwe ntchito ka thupi lonse. Madzi a m'magazi amachuluka ndi pafupifupi theka, mtima umapopa magazi ambiri kuposa kale, impso zimasefa mofulumira, ndipo magazi amaundana msanga. Mayi wathanzi amapirira kusinthaku popanda vuto, koma kwa amene mtima kapena impso zake n'zofooka kale, katunduyu akhoza kumukulira. Nthendayonso ikhoza kusokoneza pathupi, mwachitsanzo kuchititsa kuti mayi apite padera, mwana abadwe masiku asanakwane, kapena asakule bwino m'mimba.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti m'chaka cha 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Akatswiri amagawa imfazi pawiri. Zina zimabwera chifukwa cha pathupi penipenipo, monga kutaya magazi ambiri pobereka. Zina zimabwera chifukwa cha matenda ena amene pathupi pawakulitsa. Kafukufuku wa WHO wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti gulu lachiwirili linali loposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a imfa zonse za uchembere.

Mbiri

Insulini isanatulukiridwe mu 1921, amayi odwala shuga nthawi zambiri sankatha kutenga pathupi, ndipo amene atenga ankakhala pa ngozi yaikulu pamodzi ndi ana awo. Dokotala Priscilla White wa ku Joslin Clinic mumzinda wa Boston anathera zaka zambiri akusamalira amayi oterewa, ndipo mu 1949 anafalitsa njira yowaikira m'magulu potengera msinkhu umene anayambira kudwala, zaka zimene akhala ndi nthendayo ndi ziwalo zimene yawononga.

Ku England ndi Wales, kuyambira mu 1952 imfa iliyonse ya uchembere imafufuzidwa mwachinsinsi kuti adziwe chimene chikanapewedwa. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa MBRRACE-UK. Malipoti ake akhala akuonetsa kuti matenda a mtima ndi amodzi mwa amene amapha amayi ambiri m'dzikolo pa nthawi ya uchembere. Dziko la South Africa linayambitsa kafukufuku wofanana nawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kwa zaka zambiri linapeza kuti matenda obwera chifukwa cha HIV, monga chifuwa chachikulu ndi chibayo, ndi amene ankatsogola.

Kukonzekera pathupi pasanayambe

Ziwalo zikuluzikulu za mwana zimapangika m'masabata oyambirira, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti ndi oyembekezera. N'chifukwa chake chisamalirochi chimayenera kuyamba mayi asanatenge pathupi. Dokotala amaona ngati nthenda yakhazikika, amaunikanso mankhwala amene mayi akumwa, ndipo ngati nthawi si yabwino amalangiza njira yakulera mpaka zinthu zitakhala bwino.

Mankhwala ena amavulaza mwana wosabadwa. Sodium valproate, amene amathandiza pa khunyu, amachititsa zilema mwa ana pafupifupi 10 pa 100 alionse amene amayi awo ankamwa mankhwalawa ali oyembekezera, ndipo amasokonezanso kakulidwe ka ubongo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi a gulu la enalapril ndi captopril amawononga impso za mwana, choncho amasinthidwa ndi methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Warfarin, amene amachepetsa kuundana kwa magazi, amadutsa mu nsengwa kukafika kwa mwana, pamene heparin sadutsa. Komabe kusiya mankhwala mwadzidzidzi popanda uphungu wa dokotala n'koopsa. Mayi wa khunyu akasiya mankhwala akhoza kugwa mwamphamvu n'kutaya moyo, ndipo wa mphumu akasiya mankhwala opopera mwana amasowa mpweya wokwanira.

Amayi onse amalangizidwa kumwa folic acid pofuna kupewa zilema za msana ndi ubongo wa mwana. Mlingo wa masiku onse ndi mamayikulogalamu 400 patsiku, koma m'mayiko ambiri amayi a shuga, a sickle cell ndi amene amamwa mankhwala ena a khunyu amapatsidwa mamiligalamu 5.

Matenda odziwika ndi kasamalidwe kake

Shuga. Shuga akakhala wokwera m'masabata oyambirira, ngozi yopita padera ndi ya zilema za mtima ndi msana wa mwana imakula. Kumapeto kwa pathupi mwana akhoza kunenepa kwambiri moti mapewa amakanirira pobadwa. Malangizo a bungwe la NICE ku England amanena kuti mayi ayesetse kuti muyezo wa HbA1c ukhale pansi pa 6.5 peresenti asanatenge pathupi, aunikidwe maso ndi impso, ndipo mwana aunikidwe pa sikani masabata anayi alionse kuchokera pa sabata la 28 mpaka la 36. Insulini imafunika yambiri pamene pathupi pakukula, kenaka imatsika msanga nsengwa ikangotuluka.

Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso. Amayiwa ali pa ngozi yodwala pre-eclampsia, vuto limene limakweza magazi, kutulutsa mapulotini mumkodzo, ndipo likakula limachititsa kukomoka. Aspirin wa mlingo wochepa, amene kawirikawiri amayambidwa pa sabata la 12, amachepetsa ngoziyi. WHO imalimbikitsanso kashiamu kumadera kumene anthu sapeza wokwanira m'zakudya. Vutoli likafika poopsa amapereka magnesium sulphate, ndipo chimene chimalithetsa ndi kubadwitsa mwana.

Matenda a mtima. M'mayiko ambiri a mu Africa vuto lofala ndi kuwonongeka kwa mavavu a mtima kumene kumatsatira zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe paubwana. Amayi ena amadziwa kuti ali ndi vutoli pamene ayamba kubanika ali oyembekezera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi miyezi yomalizira, pobereka ndi masiku oyamba mwana atabadwa, pamene magazi ochokera m'chiberekero amabwerera ku mtima.

HIV. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 alionse obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amatenga kachilomboka. Mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika chiwerengerochi chimatsika kufika pansi pa 5. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kutsatira ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV kwa moyo wake wonse posatengera kuchuluka kwa chitetezo chake. WHO inaika njirayi m'malangizo ake mu 2013. Mayi amene akumwa cotrimoxazole, amene ambiri amawatchula kuti Bactrim, sapatsidwa SP wopewera malungo chifukwa mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi.

Sickle cell. Pathupi pamachulukitsa nthawi za ululu, kuchepa kwa magazi ndi matenda opatsirana. Chisamaliro chimaphatikiza kupewa malungo, kumwa madzi okwanira, kuyeza magazi pafupipafupi ndi kukonzeratu magazi oti mayi aikidwe ngati atafunika.

Kuchira ndi masabata otsatira

Gulu losamalira mayi limalemba ndondomeko ya kachiridwe kake nthawi isanakwane. Ndondomekoyi imanena chipatala chimene adzachilire, sabata limene mwana ayenera kubadwa, mankhwala ofunika pa nthawi ya matenda ndi thandizo limene khanda lidzafune. Kukhala ndi nthenda yokhalitsa sikutanthauza kuti mayi achitidwa opaleshoni. Amayi ambiri a mtima, a khunyu ndi a HIV amabereka mwa njira ya masiku onse. Kwa amayi amene anali ndi shuga kale, NICE imalangiza kuti mwana abadwe pakati pa sabata la 37 ndi kumapeto kwa sabata la 38.

Masabata 6 oyamba mwana atabadwa amafunanso tcheru, chifukwa magazi amaundana mosavuta ndipo matenda a maganizo akhoza kuyambiranso. Milingo ya mankhwala imaunikidwanso, amasankha ogwirizana ndi kuyamwitsa, ndipo nkhani yakulera imakambidwa mayi asanatuluke m'chipatala.

Kakonzedwe ka ntchito m'mayiko osiyanasiyana

Ku Britain mzamba amafunsa mbiri ya mayi pa sikelo yoyamba, ndipo amene ali ndi matenda ena amawatumiza ku gulu lotsogozedwa ndi dokotala wamkulu. Zipatala zambiri zili ndi masiku amene dokotala wa uchembere ndi wa shuga kapena wa mtima amaona mayi pamodzi.

Ku Malawi amayi ambiri amayambira sikelo pa zipatala zazing'ono zoyendetsedwa ndi anamwino ndi azamba. Amene apezeka ndi vuto amatumizidwa ku chipatala cha boma laling'ono, ndipo ofuna akatswiri amapita ku zipatala zikuluzikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Kabuku ka kuchipatala kamene mayi amayenda nako ndi kamene kamadziwitsa chipatala chotsatira za nthenda yake ndi mankhwala ake, ndipo nyumba zodikirira zimathandiza amayi a kutali kukhala pafupi ndi chipatala masiku akayandikira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza imfa za uchembere 439 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo m'dzikoli. Zina mwa zovuta ndi kuchepa kwa madokotala a ukatswiri, kutalika kwa mitunda, kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo, ndi kuyamba sikelo mochedwa. Kuyambira mu 2016 WHO imalimbikitsa kuti mayi aliyense woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba uchitike m'masabata 12 oyambirira.